Bambo Ako Asiya Kumwa Mapiritsi

Kachebere, Mchinji
Lachinayi masana

Velonika mwana wanga,

Ndakhala pakhonde la kuseri ndikulemba kalatayi iwe uli ku Kapondo kotsanzika azakhali ako. Usaseke kuti mayi akulembera mwana amene agone naye nyumba imodzi lero. Umandidziwa. Ndikayamba nkhani yondiwawa ndimakweza mawu, ndikakweza mawu bambo ako amamva, akamva timakangana, ndipo zimene ndimafuna kunena zimathera m'misozi. Ndikupatsa ukangofika. Uwerenge lero lomwe, osati mawa m'basi, chifukwa m'basimo zidzakhala zitachedwa kale.

Nkhani ndi iyi: bambo ako asiya kumwa mapiritsi awo a shuga. Anasiya kuyambira tsiku lija unkatifotokozera za makoswe oyera a ku koleji kwanu, amene munkawamwetsa mankhwala ochokera m'masamba a mango n'kuona shuga wawo akutsika. Unkanena mokondwa, manja ali m'mwamba, nsima ikuzizira m'mbale. Unanenanso momveka bwino kuti ntchitoyo idakali kutali, n'chifukwa chake ukupita ku Joni kukapitiriza maphunziro. Koma khutu la bambo ako limasankha. Anamva zoti masamba, anamva zoti shuga watsika, zotsalazo zinangowadutsa. M'mawa ndikawapatsa piritsi ndi madzi amalandira ndi manja awiri, ine ndikatembenuka amaliponya m'thumba la jekete. Ndawapeza mapiritsiwo dzulo pofuna kuchapa. Ludzu lija layambiranso, ndowa ya madzi akumwa sichedwa kutha, ndipo njira yopita kuchimbudzi akuipondaponda ngati kale. Ine sandimvera. Adokotala sawamvera. Ansembe akawalangiza amangovomera kuti inde bambo, n'kubwera kunyumba kudzachita zawo. Munthu amene angamumvere ndiwe wekha, ndipo iweyo ukunyamuka mawa.

Ndisananene chimene ndikufuna uchite, ndikuuze kaye kumene tachokera ndi matendawa. Zambiri zinkachitika uli mwana, ukungoona mapoto akuwira osadziwa kuti muli chiyani. Zikuthandiza mawa, zikakuthandizanso kumene ukupitako.

Matendawa anatipeza tidakali matenanti pa esiteti paja, nthawi imene matipate ankangoyamba kumene, anthu akukwezerana zala ziwiri pamsewu. Tinali titachoka ku Ntcheu zaka zingapo m'mbuyomo ndi mphasa, mapoto ndi iwe kumsana. Tinali osauka, sindikubisa, koma ndikamakumbukira masiku amenewo mtima umandikomera. Nyumba zathu za udzu zinali pamzere umodzi, uku a ku Mulanje, uku a ku Dedza, uko a ku Chikwawa, aliyense ndi kalankhulidwe kake ndi ndiwo zake. Amayi tinkasoka fodya m'chigafa titatambalala, manja ali bii ndi utomoni, tikuyeserera nyimbo za kwaya ya Lamulungu. Bambo ako anali chimunthu, mwana wanga. Belo la fodya ankalitembenuza okha, ndipo akaimba besi kutchalitchi mabenchi ankanjenjemera. Ndiye anayamba kuonda, lamba akuboola mabowo atsopano, ndipo anthu anayamba kunong'onezana za matenda aja amene ankamaliza anthu zaka zimenezo. Ena anasiya kubwereka makapu kwathu. Tsiku lina Mayi Namakhwa, mnzanga wa ku Mulanje amene tinkayandikana naye khomo, anandikokera kuseri kwa chigafa n'kundilozera pansi. Anati, "Amake Velo, taonani pamene amataya madzi amuna anu. Nyerere zonsezi zikufuna chiyani? Ameneyu ndi shuga." Kuchipatala cha ku boma anatsimikiza, natipatsa mapiritsi. Ndinabwerera ndikuseka njira yonse, ndikuganiza kuti shuga ndi kamatenda kakang'ono.

Kulakwa kwathu koyamba kunali kusandutsa nyerere zija adokotala athu. Ku boma kunali kutali, njinga tinalibe, ndiye m'mawa uliwonse ndinkapita kuseri kwa chigafa kukaona. Nyerere zikachuluka ndinkati shuga wakwera, zikachepa ndinkati watsika. Mvula itayamba nyerere zinasiya kubwera. Tinadikira, osabwera. Tinati basi, Mulungu watimva, munthu wachira. Ndinapha nkhuku, bambo ako anaika mapiritsi padenga n'kubwerera ku nzimbe ndi tiyi wa masupuni osawerenga. Pamene mvula inkatha anali akuona zinthu ngati muli utsi, ndipo kuchipatala anatikalipira koopsa. Nyerere sizinkabwera chifukwa mvula inkakokolola malowo, basi. Tinaona zimene mitima yathu inkafuna kuona. Iwe ukakhala ndi makina okwera mtengo, osati nyerere, koma mtima wofuna kuti zitheke ndi womwewo, ndipo wako ndi waukulu kuposa wanga poti ukuchitira bambo ako. Tsiku limene zotsatira zikakusangalatse kwambiri, ukakhale kaye pansi, ukadzifunse ngati si mvula yakokolola. Ukayezenso, ukaitane mnzako amene sakukonda kwenikweni kuti ayezenso iye.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwa mzere wonse wa matenanti, ine ndinali wophika chabe. Tonse tinkadziwa chinthu chimodzi chimene panalibe wotitsutsa: shuga ndi wotsekemera, choncho amaopa zowawa, ndipo mankhwala akawawa kwambiri ndiye kuti ndi amphamvu kwambiri. Aliyense anabweretsa za kwawo. A ku Chikwawa anabweretsa masamba a nimu, a ku Dedza makungwa a muwawani, Mayi Namakhwa masamba a mapeyala. Wina anabweretsa therere loti tinyike m'madzi, ine n'kulinyoza mumtima poti silinkawawa. Tsono iwe ukudziwa mwambo wathu. Mnzako akakulunga mankhwala m'chitenje, n'kudzagwada pakhomo pako, sungamubweze. Kumubweza n'kumuuza kuti ukumukayikira kuti angakupatse chiphe. Ndinkalandira onse, ndipo poopa kuti mawa andifunsa kuti anga aja amwa kodi, ndinkaphikanso onse. Ukafunsa muyezo aliyense ankati dzanja limodzi. Dzanja la Mayi Namakhwa linali ngati la mwana, la bambo wa ku Chikwawa linali ngati fosholo, koma onse ankati dzanja limodzi. Bambo ako ankamwa atatsinzina, nkhope ili khwinya, kenaka n'kumezera piritsi la kuchipatala pamwamba pake. Ankati akumenya mdani mbali zonse.

Zinatitulukira m'mwezi wa njala, fodya akuthyoledwa, ufa wa phoso utatsala pansi pa thumba. Tsiku limenelo anamwa piritsi ndi kapu yodzaza, n'kupita kuntchito osadya kanthu. Dzuwa litakwera anandithamangira kuti bwerani, amuna anu akulankhula zosamveka. Ndinawapeza m'chigafa thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akunditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Kenaka anangoti khu, pansi. Tonse tinagwirizana kuti shuga wakwera. Ndinathamangira mphika wa nimu n'kuyamba kuwathira m'kamwa, anzanga atawagwira mutu. Mwamwayi mano anali atalumana, ambiri anatayikira pa malaya. Akapitawo anatibwereka thirakitala mpaka kuchipatala cha mishoni. Kumeneko tinapeza asisitere achikulire, osalankhulalankhula. Anandifunsa kuti adya chiyani, ndinati sanadye. Anafunsa kuti amwa chiyani, ndinatchula zonse. Ndikuona akutsegula chitini cha shuga wa tiyi wawo, n'kutapa ndi chala kuti awapake bambo ako m'kati mwa tsaya. Ndinawagwira dzanja, ine, kugwira dzanja la sisitere.

Ndinati, "Asisitere, munthuyu amadwala shuga. Mukufuna kundiphera?"

Anati, "Mayi, ndisiyeni dzanja. Shuga wawathera m'thupi. Mwamutsitsa mopitirira."

Anawapaka, n'kuwabayanso jakisoni wamumtsempha. Pasanapite nthawi bambo ako anatsegula maso, n'kufunsa kuti fodya uja wamusiyira ndani. Ine ndinangokhala pansi pa simenti pomwepo. Chimene sindiiwala n'chakuti asisitere aja sananyoze mitengo yathu. Anati ina mwa mitengoyi mphamvu ili nayo ndithu, koma palibe amene akudziwa kuti m'kapu imodzi muli mphamvu yochuluka bwanji, ndipo ikakumana ndi piritsi m'mimba yopanda kanthu imatha kupha munthu. Madzulo ndinkafotokozera anzanga pakhomo, iwe ukutsuka mbale, ndipo unafunsa kuti, "Nanga bwanji osayeza?" Tinakuseka. Lero ndi iwe ukukwera ndege kukayeza. Choncho usakalole munthu akuuze kuti za makungwa ndi masamba ndi zaumbuli, ine ndinaziona zikugwetsa chimunthu chonyamula belo. Komanso usakaiwale kuti chimene chingatsitse shuga chingathenso kumumaliza. Ukatipezere muyezo, mwana wanga, woti dzanja la aliyense likhale lofanana.

Chachitatu ndiye chimandipweteka ndikamaona bambo ako akuvula nsapato. Tinali titachoka pa esiteti, titapeza kamunda kano, ine nditayamba geni ya zitenje za ku Chipata. Unali utalowa sekondale. Ndinkakonda maulendo amenewo: kudzuka tambala asanalire, matola odzaza mpaka pakhomo, paboda osintha ndalama akukuthamangira ndi mipukutu m'manja, madalaivala a mathiraki akuphika pansi pa magalimoto awo. Pakati pa anthu amenewo panali bambo wina wa suti ndi tayi, atayala mabotolo a mafuta ophikira odzaza madzi ofiirira, aliwonse atamatidwa pepala lolembedwa Chingelezi. Ankati ndi mizu ya kutali, yosakaniza akatswiri. Anandiyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti kunyumba kuli wodwala. Anati, "Amai, iyi ni yamphamvu maningi. Mukawamwesa, shuga izasila. Koma mapilisi muleke, sizimvana." Ndinali nditatopa, Velonika. Kutopa ndi mizere ya kuchipatala, kutopa ndi kupita n'kukamva kuti mankhwala atha mubwere mwezi wamawa, kutopa ndi kubisa shuga m'nyumba mwanga momwe ngati ndikubisira mwana. Adokotala onse ankati matendawa sachira, amangowasamala. Bambo wa suti uja yekha, m'Chinyanja chake cha kutsidyacho, ndi amene anati shuga adzatha, ananena mawu oti kuchira, ndipo ndinagula mawu amenewo. Bambo ako anasiya mapiritsi ine ndikuvomereza. Patapita miyezi anaponda chisonga kudimba osamva kanthu, bala linakana kupola, linayamba kununkha, mpaka anawadula chala chachikulu chija. Ana akawafunsa amati inawaluma ng'ona ya mu Bua, anawo n'kumaseka, iwonso n'kumaseka. Nditabwerera paboda, pamalo pa bambo uja panali mayi wogulitsa mazira owiritsa.

Ndiye ndikukupempha, mawu oti kuchira ukawasunge ngati mpeni wakuthwa. Bambo uja anali ndi suti yokha, ndipo ine ndinamukhulupirira. Iwe udzakhala ndi mapepala enieni, dzina lako lidzayamba ndi udokotala, ndipo anthu otopa ngati mmene ndinalili ine adzakumva ngakhale utanong'ona. Akadzakufunsa m'minibasi, pamaliro, kutchalitchi, kuti mayi, masamba akutiwa amathandiza kodi, usadzayankhe mofulumira pofuna kuwasangalatsa. Ukanena kuti zikuoneka ngati zingathandize, iwo akamva kuti tayani mapiritsi. Waona wekha mmene zachitikira m'nyumba mwanu momwe. Sindikukudzudzula, mwana wanga, sunalakwe. Unalankhula ngati wophunzira kwa munthu amene ankamvetsera ngati wodwala.

Ukukumbukira muwawani uja wa pachulu, kumalire a munda? Pansi pake m'pamene unkawerengera mayeso, utayala chiguduli, maluwa achikasu akugwera m'mabuku mwako mvula ikayandikira. Ndikatuma munthu kuti akakuitane ku nsima ankadziwa kokakupeza. Bambo ako ankaukonda mtengo umenewo ngati mbale wawo. Akafuna khungwa ankasenda kachigamba kakang'ono kumbali yotulukira dzuwa, ulendo wina kumbali yolowera, akatero n'kumata dothi pabalapo kuti mtengo upole. Atachira phazi, atabwereranso ku mapiritsi, thupi linabwerera ndithu. Ine ndi pakamwa pangapa ndinakayamba kudzitama m'matola kuti amuna anga anenepa chifukwa cha mtengo wa pachulu pathu. Za mapiritsi sindinatchule, poti sizikometsa nkhani. Chilimwe chimenecho anthu ankabwera ndi zikwanje ife tili kutchalitchi, ena ochokera kutsidya kwa malire. Anausenda kuzungulira, kuyambira pansi mpaka pamene dzanja limafika, ena kukumba ndi mizu yomwe. Unauma uli chiimire. Tinadzauwotcha nkhuni chaka cha njala chija, ndipo bambo ako anakana kuwotha moto wake. Tsiku limene udzapeze kuti mtengo wakuti ulidi ndi mankhwala, udzayambe waganiza za mtengowo usanapite pa wailesi. Anthu adzale kaye. Ndipo ukamadzalemba mabuku ako, usadzalembe ngati unaupeza wekha m'tchire. Panali a Namakhwa, panali bambo wa ku Chikwawa wa dzanja ngati fosholo uja, anthu amene anagwada pakhomo panga ndi timitolo tawo pamene ena ankaopa makapu athu. Ambiri anamwalira, ena anabwerera kwawo, sindidziwa ngati ali moyo.

Zina ndi zazing'ono, koma ndine mayi ako, ndinena. Akuti ku Joni kumazizira kuposa ku Dedza, ndiye juzi yofiira ija ndaiika pamwamba m'chikwama, usaichotse poti ndi yachikale. Uzidya. Ndikukudziwa, ukagwira buku umaiwala kuti uli ndi mimba, ndipo makoswe akowo ukawadyetsa pa nthawi yake iwe uli ndi njala. Ife kuno timawatchera misampha, inu mukuwapatsa chakudya choyeza pasikelo, dziko lapita patali ndithu. Shuga amayenda m'magazi a pabanja, unandiuza wekha, choncho zakumwa za m'mabotolo uzizione ndi maso. Akakufunsa kwanu, ukanene kuti ndiwe mwana wa matenanti a fodya a ku Mchinji, usakameze mawu. Utomoni umene unkadetsa manja angawa ndi umene unakugulira yunifolomu yoyamba. Lamulungu ukapeze tchalitchi, ngakhale aziimba m'chilankhulo chimene sukumva. Mwamuna akakakufuna, sindikuletsa, wakula, koma adzayambe wafika kuno, adzakhale pamphasa, ndidzamuone mmene amadyera. Foni uziimba Loweruka madzulo, ndizikaima pachulu paja pamene mawu amamveka bwino.

Ndinasiya kaye kulemba, poti bambo ako abwera kuchokera kudimba. Ndinati ndikhala chete mpaka iwe ufike, koma wandidziwa kale, sindinathe. Ndatenga mapiritsi aja, ndawaika m'mbale, ndawaikira patsogolo ali pampando wawo akumasula nsapato. Ndimayembekezera mkangano. Sanakalipe. Ayang'ana mbaleyo, kenaka anena kuti kudimba ali ndi kachitini kamene akuwiritsiramo masamba a mango, ndipo akumwa m'mawa ndi masana.

Ndati, "Abambo ake Velo, mwaiwala chigafa chija? Mwaiwala chala? Mukufuna kuti akuduleni chiyani tsopano?"

Ati, "Sindinaiwale. Koma mwanayu akupita kwa eni ake maphunziro. Akakamufunsa kuti kwanuko alipo munthu amene masambawa anamuthandiza, akayankha chiyani? Akatchula makoswe? Ine ndikufuna akanene kuti bambo anga."

Ndati, "Iye sanakupempheni zimenezo."

Ati, "Sangapemphe, ndi mwana waulemu. Amake Velo, anzake akuperekezedwa ndi makolo a magalimoto. Ine ng'ombe ndilibe, sitolo ndilibe, sukulu ndinalekeza panjira. Chimene ndili nacho chomuthandizira pa ntchito yakeyi ndi thupi langali. Ndimupatse chiyani china?"

Ndawatengera madzi m'beseni kuti asambe mapazi, ndipo ndaona kuti lamanzere lija latupa pang'ono pamwamba. Iwo akuti ndi nsapato. Panopa agona pamphasa pansi pa mango, chipewa chili kumaso, ndipo ine ndabwerera pakhonde pano.

Ndimaganiza kuti ndi kuuma mutu kwawo kwa masiku onse, koma ayi, akuchita zimenezi chifukwa chokukonda. N'chifukwa chake ine sindingazithe. Ndikawaletsa, akuona ngati ndikuwalanda mphatso imene akufuna kupatsa mwana wawo. Woti angaikane mphatso imeneyi popanda kuwaswa mtima ndi mwini wake, iweyo.

Tsono tamvera. Usawauze kuti masamba ndi achabechabe, chifukwa ndi bodza, ndipo akaganiza kuti sukulu yakuchititsa manyazi ndi kwanu. Usawalonjezenso kuti ubwera ndi mankhwala ochiza, chifukwa sukudziwa, ndipo adzakhala akukudikira mapiritsi ali m'thumba. Usawakalipire pamaso panga kapena pa anthu operekeza, ndi bambo. Mawa m'mawa ine ndipita kumjigo dala, ndikachedweko. Iwe utenge piritsi ndi kapu ya madzi, ukagwade pamene akhala, uwafotokozere mmene ntchito yako imayendera, pang'onopang'ono, ngati mmene iwo ankakuphunzitsira kusankha fodya. Uwauze kuti munthu mmodzi womwa za m'chitini kudimba sangakhale umboni kwa aphunzitsi ako, ngakhale atakhala bambo ako. Uwauze kuti tsiku loyesa pa anthu likadzafika, padzafunika anthu amoyo, a maso oona ndi miyendo yoyenda, ndipo ukufuna iwo adzakhalepo. Ngati akufuna ntchito, apatse ntchito: adzale muwawani wina, akusungire mbewu, akukumbutse mayina a mitengo imene anthu a pa esiteti ankabweretsa. Munthu ameneyu akakhala ndi chochita cha mwana wake amamvera. Ukatero uwapatse piritsilo m'manja, ndipo usadzuke mpaka utaona pakhosi pagwedezeka. Uwapemphenso kuti Lolemba apite nane ku boma akaonetse phazilo, alonjeze kwa iwe, poti lonjezo la kwa ine analizolowera.

Akakana, basi ya m'mawa ikusiye. Ina imadutsa masana, ndipo ndege yako ndi ya Loweruka, ndafunsa. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu wolemera pa tsiku limene umayenera kungosangalala, ndipo undikhululukire. Ndakunyadira kuyambira tsiku limene unabadwa, ndipo mawa ndikunyadira koposa, ngakhale ndilire pa siteji mpaka anthu andiseke. Pita ukaphunzire, usatembenuke, ukapeze chimene ife tinkachifufuza m'miphika mwathu osachipeza. Koma usanapite undisiyire mwamuna wanga akumwa mankhwala. Ndinakwatiwa nawo ndili mtsikana wosadziwa n'kusoka fodya komwe, ndawakalipira moyo wanga wonse, ndipo sindinakonzeke kukhala m'nyumba muno ndekha.

Mulungu akutsogolere panjira, mwana wanga.

Ndine mayi ako,
Nachisale